Diresi la Kaunjika pa Khonde la a Makwata

Mwamuna wanga atamwalira, akuluakulu a esiteti anatiuza kuti tituluke m'nyumba ya esiteti, chifukwa nyumbazo ndi za antchito. Malemuyo ankagwira ntchito kufakitale, koumitsira tiyi. N'kuti matipate atangobwera kumene. Ndinatsala ndi ana awiri. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo dengu la tiyi msana wanga unkalikana. Abale ankati ndibwerere kwathu ku Khonjeni, koma kamunda ka kumeneko azichemwali anga anali atagawana kale.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ndiye anandiuza kuti a Makwata akufuna munthu wosita. A Makwata anali telala, bambo wachikulire, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la golosale pafupi ndi msika wa esiteti. Nditafika anandipatsa kansalu ndi singano nati, "Pindani apa ndione." Atayang'ana anati, "Mzere wanu ukuyenda ngati njoka, koma ulusi sukuoneka kunja. Mubwere Lamulungu." Anali a Sabata ngati ine. Lachisanu dzuwa likamalowa makina ankavundikiridwa, mpaka Lamulungu m'mawa.

Ntchito yanga inali kukoleza makala a simbi, kusita, kupinda m'munsi mwa zovala ndi dzanja, kuika mabatani ndi kuthira mafuta m'makina. Makinawo anali opalasa ndi mapazi. Sizasi yaikulu, choko ndi tepi yoyezera sankalola kuti ndigwire.

Nsalu yawo inali poliyesita. Yokhuthala ija tinkaitcha krimpulini, yopepuka ya malaya tetironi, yoterera ya madiresi jojeti. Ndinkadabwa nayo nsaluyi. Ukaifinya m'manja n'kuisiya, inkabwerera mwakale popanda khwinya. Kuno ku Thyolo chiperoni chikagwa, chitenje chimakhala pachingwe osauma mpaka kununkha, koma diresi la jojeti ukachapa madzulo, m'mawa wavala. Siketi zopindapinda zija tinkazisita kamodzi kokha, titayala kansalu konyowa pamwamba, ndipo mizere yake inkakhala mpaka siketiyo kutha. Kutha kwake kunalinso kovuta. A Makwata ankati, "Krimpulini amaika mwini wake m'manda."

Zoipa zake zinalipo. Dzuwa la Okutobala munthu ankapsa m'kati ngati mbatata, thukuta osauma. Ikakumana ndi moto sinkayaka ngati nsalu zina, inkangobooka. Amayi ambiri madiresi awo anali ndi timabowo kutsogolo chifukwa cha kuthetheka kwa mbaula. Tsiku langa loyamba a Makwata anandiuza kuti, "Simbi yotentha ndi mdani. Muziyamba mwayesa pachigamba."

Kenako mabelo a kaunjika anayamba kuchuluka. Tsiku la malipiro anyamata ankayala milu pamsika n'kumakuwa, ndipo anthu onse ochokera m'minda ya tiyi ankathera kumeneko. Anyamata anasiya safari suti n'kuyamba majinzi ndi matisheti olembedwa mawu. Atsikana ena anayamba kuvala mathalauza, zomwe kale zinali zoletsedwa. Amayi opeza bwino ankasoketsa zitenje, za mikono yotukumuka ndi duku lake. Ine ndinkafunsa aliyense wodutsa pakhonde kuti krimpulini walakwanji. Wina ankati amatentha. Wina ankati ndi wa nthawi yakale ija, safuna kuikumbuka. Mtsikana wina anangoseka nati, "Zimenezo ndi za agogo." Nsalu yosatha ija inangotha m'maso mwa anthu, ikadali yolimba.

Mipukutu ya nsalu ya a Makwata inayamba kuchita fumbi. Anthu ankabwera ndithu, koma ndi zovala za kaunjika zoti tichepetse, ndipo a Makwata ankawabweza. "Ine ndimadula nsalu yatsopano. Zovala za azungu akufa sindisoka." Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti, "Amake Feli, mwezi uno ukatha zili chonchi, muzikhala kunyumba." Ndinkadziwa kuti kunyumba kumeneko ndi ku Khonjeni, ndipo ana akasiya sukulu.

Mwezi womwewo tinali ndi ntchito imodzi yokha yaikulu. Mayi Nachisale, wothyola tiyi, anasoketsa diresi la ukwati la mwana wawo Esinta. Linali la krimpulini woyera, lotseka mpaka m'khosi, ngati lomwe iwo anakwatiwira nalo. Ukwati unali wa Lamulungu. Lachisanu masana anabwera awiriwo kudzalitenga, koma Esinta anali ndi jumbo m'manja, maso ali ofiira.

"Ili sindivala, amayi," anatero. "Anzanga akandiseka mpaka kukalamba." M'jumbomo anatulutsa diresi loyera la kaunjika lomwe anagula ku Bvumbwe, lonyezimira, la lesi m'mikono. Linali lokongola, koma mwini wake woyamba anali chimzimayi. Esinta akanalowamo ndi mng'ono wake yemwe.

"Ukufuna ukalowe m'tchalitchi ndi chovala cha maliro?" anatero mayi ake. Esinta anati ngati si limeneli, akwatiwa ndi chitenje. A Makwata anangoti, "Langa ndamaliza, ilo lapachikidwa," n'kutembenukira kumsewu.

Ine zoti kaunjika ndi wa akufa sizinkandiopsa. Malaya a malemu mwamuna wanga ndinali nditawachepetsa ndi dzanja, mwana wanga wamwamuna akupita nawo kusukulu. Ndinapempha kuti ndiyese. A Makwata anati, "Makina anga ayi. Ndipo dzuwa likalowa, khonde lino ndatseka."

Ndinamuveka Esinta diresilo chotembenuza kuseri kwa golosale, ndikulitsina ndi mapini m'mbali monse ziwiri. Kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kumasula misoko ndi lezala. M'kati mwake ndinapeza zomwe sindinaonepo. Munali nsalu zitatu zosanjikizana, ndi timizere tolimba tosokeredwa m'chiuno kuti diresi liime lokha. Mphepete mwa nsalu iliyonse munali mokulungidwa ndi ulusi bwinobwino. Ndinkangoti, kodi makina ake ndi otani? Koma chidwi sichisoka. Nditamasula mbali imodzi ndinaona kuti ndi dzanja sindimaliza. Mthunzi wa mitengo ya bulugama unali utafika kale pamsewu, diresi la mwana wa eni lili zidutswa pamiyendo panga. Mayi Nachisale anati, "Mwaliononga, eti?"

Ndinaganiza zoyamba ndawongola misoko ndi simbi. Nditangoinyamula, a Makwata anakuwa, "Imani! Nsalu yosaidziwa saisita." Sanathe kupirira. Anatenga kachidutswa komwe ndinadula, nayatsa machesi, nakayandikiza. Kansaluko sikanayake. Kanakwinyika, kanasungunuka, n'kusanduka kamkanda kakuda kolimba. Fungo lake tonse tinalidziwa.

A Makwata anakanunkhiza. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Amake Feli, uyutu ndi mnzanga wakale! Wangopita kunja n'kubwera atavala lesi." Anatembenukira kwa Esinta nati, "Mwana iwe, wathawa poliyesita n'kukagula poliyesita."

"Koma ili ndi lokongola, agogo," anatero Esinta. Apo ngakhale mayi ake anaseka.

Anandilanda diresilo, nalitembenuza uku ndi uku, akung'ung'udza poona misoko ya eni ake. Anasintha singano n'kuika yaing'ono, nachepetsa kukoka kwa ulusi kuti nsalu isakwinyike, nayamba kupalasa. Iwo ankasoka mbali imodzi, ine ndikumasula inayo. Nditamaliza kumasula anadzuka pampando nati, "Khalani apa. Mwaliyamba ndinu." Aka kanali koyamba kuponda makina awo. Mzere wanga unakhota pang'ono pansi pa mkono, koma lesi inabisa. Tinasita ndi simbi yozizirira, kansalu konyowa pamwamba. Pomwe Esinta ankatuluka kuseri kwa golosale atalivala, dzuwa linali litakhala pamwamba pa mizere ya tiyi. Mayi ake anamuzungulira, nakoka apa ndi apo, nati, "Pachifuwa pokha muikepo kansalu." Tinadula ku mkono wa diresi la krimpulini lija n'kutseka. Kenako a Makwata anavundikira makina.

Mwezi unatha, sanandiuze kanthu, ine osafunsa. Sabata yotsatira munthu anabwera ndi jinzi yaitali miyendo, ndipo a Makwata anangoloza ine ndi chibwano. Iwo sanaikonde ntchito imeneyo mpaka imfa yawo, koma ndi imene inatisunga pakhondepo, ndipo ana anga anaphunzira. Mipukutu ya krimpulini ija tinamaliza ndi kusoka makatani.

Masitayilo ndawaona ambiri kuchokera pamenepo, ena ofupika, ena othina, ena obwerera akale omwe aja, ndipo chomwe chimawabweretsa kapena kuwachotsa sindinachidziwebe. Chomwe ndinaphunzira n'chochepa. Munthu akandibweretsera chovala chachilendo, sindiyamba ndi kuchinyoza kapena kuchitama. Ndimachitembenuza kaye ndione m'kati.