Masipuling'i Ochokera ku Joni

Mukafika pa Namitete n'kufunsa a Overton amakanika, anthu akulozerani kuseri kwa golosale yanga, pomwe pali chisakasa cha malata adzimbiri ndi kagalimoto kofiira. Ine ndine amake Thandizo, ndimagulitsa sopo ndi mchere, komanso ndimatchaja mafoni pa sola. Bambo amenewa ndawadziwa ndili mtsikana, ndipo sindinaonepo munthu woumira mawu ngati iwo. Ukawapatsa moni amangogwedeza mutu, ngati mawuwo amachita kugula.

Kwawo ndi ku Nambuma. Kuno anabwera chikamwini, kudzakwatira a Rhoda, ndipo moyo wawo wonse akhala akukonza injini za zigayo ndi maminibasi otopa a msewu wa ku Mchinji. A Rhoda atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu wake, kuti ngati afuna abwerere kwawo. Iwo anakana, ati pali galimoto ya mwana yomwe sinathe. Anthu anaseka, eti munthu n'kukakamira pamudzi pa eni chifukwa cha chiphapha cha galimoto.

Mwanayo ndi Luckson, mmodzi yekhayo, ndipo ali ku Joni, pa galaja yokonza magalimoto a mpikisano wa liwiro. Pamaliro a mayi ake sanabwere, mapepala ake sanali bwino. Kuyambira kale awiriwa sankatha kucheza, a Rhoda ndiwo ankanyamula mawu kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Koma Luckson atabwera ndi maganizo oti kagalimoto kofiira kaja akasandutse kothamanga ngati a kumeneko, foni inayamba kulira Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. A Overton ankadzakhala nayo pakhonde panga, poti kuseri kuchisakasa kwawoko netiweki sigwira. Makutu awo anagontha ndi zigayo, ndiye ankaika mawu pamwamba, ine n'kumamva zonse. Sikuti ndine wamiseche ayi, khondelo ndi langa.

Zoti mwadzuka bwanji, mwadya chiyani, kunalibe. Nkhani inali ya zitsulo basi. Luckson ankagula zipangizo n'kupatsira madalaivala a mathiraki, bambo ake n'kumamanga. Zinayenda bwino mpaka pomwe anatumiza kamushafuti yatsopano, ndiye panabuka nkhani ya masipuling'i a mavalavu.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti timawaya topotana timeneti tavuta chiyani, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mpaka malovu kuuma. Anati mavalavu ndi tizitseko ta injini, tolowetsa mafuta ndi kutulutsa utsi. Kamushafuti imatikankha kuti titseguke, sipuling'i n'kutibweza. Tsono kamushafuti ya mpikisano imatsegula kwambiri komanso mwaliwiro, moti sipuling'i ikakhala yofewa chitseko chimachedwa kutseka, pisitoni n'kuchimenya, injini yonse n'kuthera pomwepo. Ikalimbitsanso, imadya kamushafutiyo. Anati pamafunika yapakatikati, ngati mchere m'ndiwo.

Makina oyezera analibe, koma anali ndi njira yawo. Ankabwereka jeke yodindira mabelo a fodya, pansi pake n'kuika sikelo yogulira mtedza. Sipuling'i ankaifinya pang'onopang'ono mpaka ifike pomwe imafika valavu ikatseguka, maso ali pa muvi wa sikelo, kenako n'kulowetsa lezala pakati pa mapotedwe ake kuti aone ngati sakugundana.

Masipuling'i oyamba anapezeka olimbitsa, ndipo zimenezo zinali zoona, ndinaona ndekha lezala ikukana kulowa. Luckson atamva anatekeseka. Sabata imeneyo ankaimba pafupifupi tsiku lililonse, kufunsa muyeso, kutsutsana ndi bambo ake, mpaka tsiku lina ndinamva awiriwo akuseka. A Overton anasintha ngati chimanga chothiridwa feteleza. Anameta ndevu, anandipatsa moni wa pakamwa, anafika pogulira ana a kwa aneba masiwiti.

Achiwiri atafika anawafinya n'kunena kuti ndi ofewa. Kaya zinali zoona, kaya, ine sindinaone muvi wa sikelo. Chomwe ndikudziwa n'choti foni inapitiriza kulira.

Achitatu anabwera anthu akukolola mtedza, m'kabokosi kokongola. A Overton anawayesa onse limodzilimodzi, n'kukhala pa ndowa yovundikira nthawi yaitali, manja ali m'masaya. Koma mmisiri ndi mmisiri, chinthu chabwino sangachisiye m'bokosi. Anawamanga. Loweruka masana tinangomva chiphokoso kuseriko, nkhuku kubalalika, akabaza kusiya njinga kuthamangira komweko. Injini ija inalira bwino zedi, ngakhale ine wosadziwa kanthu ndinamva kuti apa zatheka. Asanafike anthu, iwo anali atazimitsa kale n'kufunditsa galimoto chitenti.

Madzulo ake anabwera kudzatchajitsa foni, n'kundiuza motsitsa mawu kuti ine sindinamve kanthu. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti Namitete yense wamva, ndipo munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, asamachite zachibwana. Ngati mwana akumusowa angomuuza, pakamwa sipalipiritsa.

Anayang'ana pansi. "Amake Thandizo, galimotoyi ikatha, adzaimbiranji?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti akabwerera kunyumba kuja palibe wowafunsa ngakhale madzi osamba, m'mudzi moti si mwawo.

Lamulungu anakhala pakhonde ndi jekete lawo la ku tchalitchi, foni ili pabondo. Italira, Luckson sanachedwe, anafunsa ngati masipuling'i aja akwana. A Overton anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Kenako anati nawonso ndi ofewa pang'ono, mwina afufuze ena.

Kumbali inayo ndinkangomva magalimoto a ku Joni akudutsa.

"Ababa, ine ndatopa nayo," anatero Luckson. "Ndimati ikalira ndibwere pa Khirisimasi, tidzaiyendetse limodzi mpaka ku manda a amayi. Koma zakanika basi. Ingogulitsani kwa ogula zitsulo, musavutikenso."

Sindinawaonepo a Overton akuthamanga, koma tsiku limenelo anathamanga, nsapato imodzi n'kutsala pamasitepe anga. Ndinawatsatira nditaigwira m'manja. Anakoka chitenti chija, kulowa, kupotokola kiyi, injini n'kuyankha nthawi yomweyo. Anaponda mafuta mpaka malata a chisakasa kunjenjemera, dzanja lina atatulutsa pawindo, foni ataloza ku injini.

"Tamvera, Luckson! Wamva? Yalira iwe!"

Ine ndinali pafupi ndi dzanja lawolo, ndipo ndinaona kuti foni inali itaduka kale. Kuseriko netiweki sigwira. Ndinafuna kuwauza, koma ndinangoima ndi nsapato yawo, iwo akupondabe mafuta ndi phazi la sokosi, akuitana mwana wawo.