Mchere wa m'ndiwo za bambo

Chaka chimene ndinali Fomu 4, mapazi a bambo anatupa mpaka nsapato zinawakana. Bambo ankakhoma mbaula ndi zidebe ku Ndirande, munthu wokwera chitunda cha kwathu atasenza malata. Koma tsopano akangoyenda kuchoka pakhonde kufika pampopi, anali wefuwefu.

Masiku omwewo aphunzitsi a bayoloje ankatiphunzitsa za mtima. Ankakunga chibakera, kuchifinya, kuchimasula. Zipinda ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi n'kuwatsitsa, ziwiri zam'munsi zimawakankhira kumapapo ndi m'thupi monse, kenaka mtima umapuma pang'ono kuti udzazenso. Tsiku lina anangotchula modutsa kuti mtima ukafooka, madzi amasonkhana m'miyendo. Anzanga anapitiriza kulemba, ine cholembera chinaima. Nditafika kunyumba ndinadina mwendo wa bambo ndi chala, ndipo panatsala kadzenje kochedwa kubwerera.

Koma azakhali, mlongo wawo wa bambo, anali atafika kale kuchokera ku Bangwe, yankho lili m'manja. Ankati ndi tsempho: mwamuna akatupa chonchi ndiye kuti mkazi wake wayenda ndi wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo. Amayi anga, amene maulendo awo anali a kumsika ndi kutchalitchi basi. Azakhali anawalanda botolo la mchere n'kulipereka kwa ine, ndipo masiku atatu anawapanikiza kuti atchule dzina la mwamunayo. Bambo ankangoyang'ana kukhoma.

Ndinatulutsa kope langa, ndinati vuto ndi mtima, tipite nawo kuchipatala.

"Fomu 4 yomweyi wasanduka dokotala?" anatero azakhali. "Ukuikira kumbuyo amako. Tseka kopelo."

Ndinatseka. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, kuposa pakamwa pa azakhali. Mwezi wathunthu bambo anamwa mitsitsi, ine ndikuwathirira mchere m'ndiwo mosaumira, poti dzanja langa ndi limene ankati n'loyera.

Tinapita kuchipatala bambo atayamba kugona chokhala. Namwino anatikalipira chifukwa chochedwa. Anati mtima watopa kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo bambo asalawenso mchere chifukwa umawonjezera madziwo. Ndinaganiza kuti basi amayi ayera. Azakhali anatembenukira kwa amayi pang'onopang'ono.

"Mwamva alamu? Ngakhale achipatala akunena za mchere womwewo."

Bambo anamwalira mayeso asanayambe. Pamaliro akuchimuna sanawapatse amayi moni. Funso la kayendedwe ka magazi mumtima linabwera pamayeso, ndipo ndinalikhoza bwino lomwe, ndikulira. Satifiketi ndili nayo mu sutikesi, ndipo sinachotsepo ngakhale liwu limodzi pa zimene ananenedwa amayi.

Pano amayi amakhala ndi ine ku Machinjiri. Amaphikabe, ndipo ndiwo zawo n'zokoma. Koma mphika ukawira amaima, amapukuta manja pachitenje, n'kundiitana kuti ndidzathire mchere.