Ndine ndinabalalitsa okumba ngalande

Ntchito yokonza ngalande m'mudzi mwathu ku Lifuwu ndinaithetsa ndine, ndipo sizinali zandale ayi. Unali ulesi basi.

Madzi osefukira atagwetsa nyumba zingapo, anthu anapangana kuti Lachiwiri lililonse tizichotsa mchenga m'ngalande ya kuseri kwa tchalitchi, kuti madzi a mvula azitsikira kunyanja. Ine n'kuti nditangosiya sukulu, wokwiya ndi aliyense, ndipo khasu ndinkadana nalo. Matipate anali atangoyamba kumene.

Lachiwiri lina a Nasibeko, mayi amene ankatsogolera ntchitoyo, anandipeza pa bawo pafupi ndi ngalandeyo.

"Iwe Mavuto, anzako ali m'matope, iwe uli pano?"

"Amayi, thangata tinaithetsa ndi voti. Uno ndi ufulu," ndinayankha mokweza kuti okumbawo amve.

Anyamata anaseka, ena n'kuponya makasu pomwepo. Posakhalitsa a Nasibeko anatsala okha m'ngalandemo, ine ndikuyenda ngati phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Mvula yamphamvu itagwa, madzi anasowa njira n'kulowa m'nyumba ya mayi anga. Mpunga wawo wonse unanyowa m'matumba. Atangotuluka ndi tsache kukakankha matope, ine ndinazemba ndi khasu kulunjika kungalande.

"Wabwera kudzatani?" anandifunsa a Nasibeko.

"Ndimangodutsa."

"Kudutsa ndi khasu? Chabwino mwanawe, dutsira m'ngalandemu mpaka kunyanja."

Ndinapinda buluku n'kulowa. Anzanga aja anakhala pamtunda, akundiwombera m'manja.