Lakot Anaitana Mlongo Wake pa Wayilesi

Pamsika wa ku Kitgum, Lakot amagulitsa chitowe chosinja, ndipo amene amagula kwa iye sadziwa kuti mayi wofatsayu dziko lonse la Aacholi linamumvapo akuyankhula.

Mlongo wake wamng'ono, Oryem, anagwidwa ndi zigawenga mano ake ena asanamere n'komwe. Anamutenga masana akukamwetsa mbuzi kudambo, asilikali olondera mudzi atathawa. Makolo awo anamwalira mumsasa wa othawa nkhondo akumudikirabe. Othawa kuchokera kutchire kwa zigawengazo ankanong'ona kuti mwana uja anakula, tsopano akutsogolera gulu, ndipo dzina lake lokha limabalalitsa mudzi.

Tsiku lina panafika a Ocitti, mkulu wa asilikali, woyankhula mofewa ngati abusa.

"Mayi, anawa kutchireko amamvera wayilesi," anatero. "Mukamuitana inu atuluka. Boma lakhululuka."

"Ndi zonse anachitazo?"

"Zonse. Kodi anapita yekha? Si ife tinalephera kumuteteza?"

Lakot anavala diresi la kutchalitchi ngati kuti omvera amuona, n'kupita.

"Iwe Oryem, wamutu ngati chikho iwe, ndine Lakot," anatero pa wayilesipo. "Bwera kwathu. Palibe akukhudze. Ndikulumbira pa manda a amayi."

Oryem anatulukadi mvula itangoyamba, ali ndi ana ake awiri amasiye obadwira kutchire. Lakot anasunga dzira loti aponde polowa pakhomo, monga achitira munthu wobwera kwawo atasowa. Koma anangomuona kamodzi, kumalo a asilikali: bambo wandevu, wotsimphina, wosayang'ana munthu kumaso.

"Ndinamva mawu anu, achemwali," anatero Oryem. "Akanakhala wina sindikanabwera."

Sabata isanathe, ndege inamutenga kupita naye kukhoti la mayiko onse ku Ulaya. Lakot anathamangira kwa a Ocitti, mpango uli m'manja.

"Zachokera kumwamba zimenezo, mayi. Chikhululukiro chija sichinali cha otsogolera magulu."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani mukanapita pa wayilesi?"

Mlandu unatenga zaka. Tsiku la chigamulo anaika kanema muholo ya sukulu, anthu n'kudzaza mpaka m'mawindo. Lakot anakhala pafupi ndi amake Ayoo, mnzake wapamsika, amene mwamuna wake anatenthedwa m'nyumba ndi gulu la Oryem. Womasulira ananena pang'onopang'ono mawu a oweruza: akudziwa kuti Oryem anabedwa ali mwana ndipo anazunzika, choncho amuchepetsera chilango. Koma zimene anachita atakula, anazichita akudziwa. Zaka makumi awiri.

"Makumi awiri basi?" anakuwa amake Ayoo. "Azikadya nyama, kugona pamatiresi! Wanga anapsa ngati mbewa!"

Lakot sanamutsutse, poti zinali zoona. Anangofunsa motsitsa, "Nanga amene anamuba aja? Nanga amene anathawa n'kusiya ana?"

"Kawafunse a Ocitti akowo. Sukuwaona kutsogoloko, pampando wa alendo olemekezeka?"

Analidi pomwepo, atanenepa, akugwedeza mutu ngati munthu wokhutira ndi ulaliki. Potuluka anamudutsa Lakot pakhomo, namupatsa moni wa munthu wosamudziwa.

Masiku ano Lakot akulera ana awiri aja ndi chitowe chake. Iye ndi amake Ayoo amayalabe malonda moyandikana ndipo amasungirana katundu wina akachokapo, koma dzina la Oryem salitchula.

Kundendeko Oryem amaloledwa kuimba foni. Amacheza ndi ana ake, kuwafunsa za sukulu, kuwaseketsa. Akangomva kuti foni ikupita kwa azakhali awo, amadula. Choncho Lakot amaima chapatali pang'ono, akupukuta manja pachitenje, n'kumanong'oneza wamkuluyo:

"Afunse bambo ako ngati kukuzizira. Usanene kuti ndafunsa ndine."