Chilembo chimene chinawonjezeka pa pepala la amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anagonekedwa ku chipatala cha mishoni ku Balaka. Pa pepala lopachikidwa pabedi pawo, dokotala wochokera ku Sweden analemba kuti stabil. Mawa lake asisitere a ku Romania analemba pansi pake kuti stabilă, kachilembo komaliza katavala kachipewa.

Abambo sankadziwa kuwerenga, koma anaona kuti mawu atalika.

"Matenda akula basi," anatero. "Mawa ndikubwera ndi njinga tikawayese kwina."

Ndinkaopa azungu, choncho ndinakopera mawu awiriwo pachikhatho n'kuuyamba ulendo wa kwa Nsamala, kwa a Nampeya, aphunzitsi opuma amene anaphunzirako Chilatini ku seminale. Dzuwa linali loswa mtengo. Njira yonse ndinatambasula dzanja kuti thukuta lisafufute inki.

Ndinawapeza akusenda chinangwa. Anandigwira dzanja n'kuyang'anitsitsa.

"Kholo la mawuwa ndi stabilis, ochokera ku stare, kutanthauza kuima. Amayi ako akhazikika, matenda sakukula."

"Nanga kachilemboka, aphunzitsi?"

"Ndikuganizira, koma sindinganame pa moyo wa munthu. Amene analembayo ali ndi pakamwa. Kamufunse."

Ndinabwerera nditakwiya, miyendo ili yotuwa ndi fumbi. Asisitere ndinawapeza pakhonde, ndipo ndinaima kutsogolo kwawo mpaka anandiyang'ana. Ataona chikhatho changa anaseka, n'kundiyankha m'Chichewa chawo chopindika.

"Iyayi, mwana wanga! Kwathu mwamuna ndi stabil, mkazi ndi stabilă, ambiri ndi stabili kapena stabile. Kwa adokotala, mwamuna ndi mkazi onse ndi stabil. Inunso simunena munthu wamkulu, chinthu chachikulu? Ife timasintha kumchira, inu kumutu."

Abambo atafika ndi njinga m'mawa, ndinagwira chiwongolero n'kuwafotokozera zonse, kawiri konse. Kenako anatsamiritsa njingayo pamtengo. Amayi anamaliza mankhwala awo, ndipo anatuluka patatha sabata ziwiri akuyenda okha.

Tsiku lija ndinkaona ngati a Nampeya andimana yankho. Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimadziwa kulemera kwake kouza mwana amene wakudalira kuti apa ndiye pamene kudziwa kwanga kwathera, pita kwa wodziwa. Ambiri timangopeka kuti tisachite manyazi. Iwo akanapeka tsiku limenelo, mpaka pano bwenzi ndikuopa kufunsa.