Mfuti yaing'ono ya amalume

Amalume, m'mawa uno gwape wadutsa kutsogolo kwa galimoto yanga ndikuchokera ku shifiti ya usiku m'tauni ya Corby, kuno kwa azungu. Chitisiyireni inu, ndinali ndisanalirepo chonchi.

Ndakumbuka tsiku lija laisensi yanu yokhalira ndi mfuti itatuluka, tinapita kukasankha mfuti. Munkafuna yaikulu, yoti mudzakasakire mbawala za ku America zija zazikulu ngati ng'ombe. Koma poiyesa munatembenuzira nkhope kumbali musanawombe, monga munkachitira kumudzi ndi mfuti ya gogodera, ija inkatha kuphulikira mwiniwake. Wogulitsa anadabwa. Inu munaseka n'kundiuza kuti, "Mphwanga, mfuti imene ukuiopa imangovulaza nyama. Andipatse yaing'ono, ya zipolopolo zopepuka." Ku America simunafikeko, koma palibe gwape amene munamusiya akutsimphina m'tchire. Walero uja ndamudikira awoloke bwinobwino, amalume.