Amene Anawayimbira Achemwali Anga

Ababa anga anali mkulu wa mpingo kuyambira ine ndisanazindikire, ndipo ndikawakumbukira chimayamba kubwera ndi jekete lawo lakuda, nkhope pambuyo. Ankalivala ngakhale mwezi wa Okutobala, pamene chigwa chonse cha Domasi chimatentha ngati chiwaya. Pamudzi pathu iwo anali mkamwini chabe. Munda wa chimanga unali wa amayi, dimba la mpunga la amayi, ngakhale mango amene ankakhala pamthunzi wake anadzala ndi agogo akuchikazi. Malo okhawo amene mawu a ababa ankalemera anali kutchalitchi, ndipo kumeneko ankawalemeretsa mpaka ena kulephera kupuma.

Mpingo wathu uli ndi mwambo wake. Munthu akalakwa poyera, kaya ndi mowa kaya mitala, bwalo la akulu limamudula. Wodulidwa sadya mgonero, amakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo akafuna kubwerera amalowa kalasi ya chiphunzitso kenako n'kudzaimirira pamaso pa anthu onse. Akamwalira asanabwezedwe, mpingo suyimba pa maliro ake. Anthu amabwera, amalira, amaphika, koma nyimbo ayi, ndipo amayi a mpingo savala zoyera zawo zija. Kwathu kuno munthu amaopa zimenezo kuposa imfa yeniyeniyo, chifukwa amapita kumanda chete ngati mbava.

Kuseri kwa nsungwi zathu kunkakhala mayi wina wamasiye amene ankakazinga mandasi n'kukagulitsa pamsika wa pa Songani. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mnyamata wa kabaza, woseka ndi aliyense koma wokonda kachasu. Bwalo linamudula. Patapita nthawi anasiya mowa n'kulowa kalasi, koma asanamalize, lole inamuwomba pa msewu wa ku Liwonde, cha pa Naisi, ali ndi thumba la makala kumbuyo kwa njinga.

M'mawa mwake mayi uja anabwera pakhomo pathu. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangokwatiwa, nyumba yanga ili pafupi ndi ya amayi, ndipo ndinkasesa pabwalo. Anagwada pafumbi pamaso pa ababa, chitenje chili chopendekeka, n'kupempha kuti mpingo umuyimbireko mwana wake ngakhale nyimbo imodzi yokha, poti kalasi inali itatsala pang'ono kutha. Ababa sanamuuze kuti adzuke. Anamaliza kumanga batani la jekete, kenako anati:

"Mayi, mpingo si msika wa pa Songani woti munthu azinenerera mtengo."

Ndinamva pambuyo pake kuti akulu ena anali okonzeka kufewa, koma ababa anawatembenuza onse ndi mavesi. Mnyamatayo tinamuperekeza chete. Njira yonse kunkangomveka mapazi ndi kupuma kwa onyamula bokosi, ndipo kumanda kunamveka makasu ndi dothi likugwera pa matabwa. Phokoso la dothi limenelo nyimbo imalibisa, ine ndinali ndisanalimvepo bwinobwino chibadwire. Kuyambira tsiku limenelo mayi uja sanapondenso pakhomo pathu, ndipo tikakumana kumjigo ankayang'ana ndowa yake.

Achemwali anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ndiwo anali diso la ababa. Anatengera mawu awo oyimbira, ndipo akayamba nyimbo m'kwaya ababa ankatseka maso ngati akulawa uchi. Anapita kukagwira ntchito m'sitolo ku Zomba, ndipo kumeneko anakwatiwa ndi bambo wina amene anali kale ndi mkazi. Nkhaniyo itafika kumudzi, amene anaitengera ku bwalo la akulu anali ababa eni ake, ndipo achemwali anadulidwa. Anthu anawatama kuti taonani munthu wa Mulungu, sakondera ngakhale magazi ake. Ndinaona ndi maso angawa mmene kutamako kunawafufumitsira. Mwana anataya, koma mapewa anakwera.

Panapita zaka achemwali osabwera. Tsiku lina, mvula yoyamba itagwa, mwamuna uja anawakweza minibasi okha ndi kachikwama kamodzi, n'kuuza kondakitala kuti akawatsitse pa siteji yathu. Nditapita kukawatenga kumsewu ndinawadutsa osawazindikira. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku yonyowa, akutsokomola mogwira pachifuwa. Tinawagoneka m'chipinda chakumapeto m'nyumba ya amayi. Ababa sanawathamangitse, izo ndisawanamizire, ndipo ndalama ya ku chipatala ankapereka osawiringula. Koma m'chipindamo sanalowemo. Ankadutsa pakhomopo maso ali kutsogolo ngati akudutsa pa nkhokwe ya eni.

Achemwali ankadziwa kuti akupita, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti abwezedwe mu mpingo asanafe, adzawayimbire. Njira inalipo, ndipo siyachilendo. Wodwala akalephera kuyenda, mkulu wa dera lake amakauza abusa, iwo amabwera ndi akulu awiri kudzapemphera pamphasa pomwepo, munthu n'kubwezedwa. Tsoka lake, mkulu wa dera lathu anali ababa. Ndinayenda wapansi kupita kwa abusa ndekha, ndipo anandilandira bwino, koma anati sangadumphe mkulu wa dera, akungodikira mawu amodzi kuchokera kwa ababa.

Mawu amodziwo ndinawapempha ndili chogwada, kenako ndinawapempha ndili chiimire. Ababa ankati achemwali ayambe achira, akayende ndi miyendo yawo kukaimirira pamaso pa mpingo ngati wina aliyense. Tsiku lina mtima unandipsa, ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi ondibereka.

"Ababa, munthu amene akulephera kufika kuchimbudzi yekha akafika bwanji kutchalitchi?"

Anayankha motsitsa mawu. "Nanga uja wa kabaza? Anthu adzati wa eni ndinamukana, wanga ndamulowetsera pawindo."

Pamenepo ndinadziwa kuti si Mulungu amene ankamuopa. Ndinadana nawo masiku amenewo, ndikunena poyera, ndinadana nawo ababa anga ondibereka. Ndinkawaphikira, kuwapatsa madzi osamba, koma osawayang'ana kumaso.

Inali nyengo yowokera mpunga, anthu onse ali m'matope kudimba, ine ndili ndi wodwala. Achemwali ankagona atayang'ana kuchitseko. Akamva kulira kwa tcheni cha njinga ya ababa panja ankayesa kukonza mpango kumutu, ndipo mapazi akadutsa osaima ankangotseka maso. Sanawanenere choipa ngakhale kamodzi, zomwe zinkandikwiyitsa koposa. Anandiuza kuti zikadzavuta ndisadzakangane ndi munthu pa maliro awo, poti ankandidziwa pakamwa panga.

Anamwalira masana, dzuwa lili pamutu, ababa ali kudimba. Amayi amati m'mawa wa tsiku limenelo ababa anali atanena kuti mawa apita kwa abusa. Kaya ndi zoona, kaya amayi ankangofuna kuwaphimba amuna awo, sindidziwa, ndipo sindinafunse. Madzi akatayika sawoleka.

Akulu a mpingo anabwera madzulo ake n'kukhala ndi ababa pansi pa mango. Ine ndinkamvetsera ndili kuseri kwa khitchini. Anati poti malemu anali atapempha okha kubwerera, komanso poona zaka zimene ababa anatumikira, bwalo likhoza kulola kuti mpingo uyimbe. Koma ababa anapukusa mutu, anati mwambo ndi mwambo, iwo sanapemphepo chifundo kwa munthu ndipo sayambira pa ukalamba. Anali okonzeka kuika mwana wawo chete kusiyana ndi kulandira chinthu chimene sanachigwirire ntchito. Ndinaluma chitenje kuti ndisunge lonjezo langa kwa achemwali.

M'mawa wa tsiku loika, amayi tinali m'nyumba mozungulira bokosi, abambo ali panja monga mwa nthawi zonse. Kulira kunali kutatopa, ndipo m'nyumbamo munali chete yemwe uja, woti umamva ntchentche. Kenako pakhomo panada, nditakweza maso ndinaona mayi wa mandasi uja. Anali atakalamba, maso ofiira ndi utsi wa zaka zambiri. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu osapereka moni, n'kukakhala kumutu kwa bokosi. Ndinati mumtima, wabwera kudzaonerera, ndipo ndani angamuletse, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Adzukulu atalowa kuti anyamule bokosi, mayi uja anayamba kuyimba. Mawu ake anali osasa, oduka m'malo mwina, ndipo nyimboyo inali wamba, ija timaphunzira tili ana, yonena za munthu wobwera kwa Ambuye manja ali opanda kanthu. Adzukulu anaima. Amayi a mpingo anayang'anizana, aliyense akuopa kukhala wachiwiri. Wachiwiriyo anakhala amayi anga, amene moyo wawo wonse sanatsutsepo ababa pagulu. Kenako wina, kenako nyumba yonse, opanda zoyera, opanda woimirira kutsogolera, ena akuyimba uku mamina akutsika.

Kudzera pachitseko ndinaona ababa akudzuka pa mpando. Ndinadziwa kuti akubwera kudzaletsa, ndipo ndinakonzeka kuswa lonjezo langa. Anafika pakhomo n'kuima, pakamwa pali yasa ngati akufuna kuyankhula. Kenako analowa m'nyumba ya amayi okhaokha, mmene mwamuna salowa nthawi imeneyo, n'kukhala pansi pa dothi, miyendo tambasu, jekete likukhudza fumbi. Anaika dzanja pa bokosi. Kumeneko kunali kuwakhudza koyamba achemwali chibwerereni ku Zomba. Analira kulira koipa, kwa munthu amene sanazolowere, ndipo palibe anawatonthoza. Nyimbo inapitirira mpaka kumanda, ndipo dothi sitinalimve.

Patapita masabata angapo ababa anamanga thumba la mpunga wa chaka chatha pa njinga, wonunkhira uja timasungira alendo, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze. Anali atafooka moti njingayo tinkakankha awiri. Tinamupeza mayi uja akukazinga mandasi kuseri kwa nyumba yake. Ababa anatsitsa thumba, anavula chipewa, n'kuyamba kuthokoza ndi mawu aatali a kutchalitchi. Iye anawasiya amalize, akutembenuza mandasi m'mafuta, kenako anayankhula osakweza mawu.

"Bambo, ine ndinabwera tsiku lija kudzakuonani mukumva zimene ndinamva ine. Ndinalidikira tsikulo zaka zonsezi. Koma nditakhala pansi, chete uja ndinamuzindikira, ndipo sindingamufunire ngakhale galu. Sindinayimbire inu. Tengani mpunga wanu."

Ababa anapempha kuti alandireko ngakhale theka, kapena awalole akalambule manda a mwana wake, chilichonse. Iye anati manda amalambula yekha, ndipo wake uja anagona kale chete, palibe chimene chingasinthe. Sananene mwaukali, komanso sanamwetulire. Anabwerera ku chiwaya chake ngati tachoka kale.

Tinamangiriranso thumba lija pa njinga. Panjira, pamene timadutsa m'mizere ya mpunga wobiriwira, ababa anaima n'kutsamira chishalo, akupuma movutika. Anayankhula osandiyang'ana.

"Mwanawe, ndakalamba ndikulalikira chisomo. Sindinkadziwa kuti chimawawa chonchi, kupatsidwa chinthu n'kukanizidwa kulipira."

Mkwiyo wanga unali usanathe, ndipo kunena zoona mpaka lero ulipo wina umene umadzuka ndikakumbukira mpango uja ukukonzedwa kumutu. Koma ndinagwira thumbalo kumbuyo kuti lisagwe, tinafika kunyumba.

Lamulungu lotsatira ababa anapita kutchalitchi ndi shati yokha, n'kukakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, pakati pa wophika kachasu ndi mtsikana wa mimba yopanda mwini. Palibe anawadula. Akulu anzawo anawanyengerera kuti abwerere kutsogolo, iwo anangoti pamenepo akumva bwino ulaliki. Mgonero ankadya, koma ankatambasula manja onse awiri ngati mwana wopempha, zomwe kale ankati ndi zachimidzi. Udindo wa dera sanausiye. Akangomva kuti wodulidwa wina wadwala, kaya kukugwa mvula kaya mtsinje wa Domasi wasefukira, ankakwera njinga tsiku lomwelo kukagogoda kwa abusa, mpaka anthu ankaseka kuti mkuluyu amafika matenda asanakhazikike.

Mayi wa mandasi sanapondenso pakhomo pathu, ndipo kumjigo ankandiyankha moni mwachidule. Ababa anakhala zaka zina zingapo. Chipinda chakumapeto chija amayi anachisandutsa mosungira mbewu, koma ababa sankatha kudutsa pakhomo pake osaima. Ankaima, n'kusuzumira mkati mmene munali matumba okhaokha, kenako n'kupitiriza ulendo wawo.